Penti Wofiira pa Ekiselo

Chala cha a Kowalski chinaima pa chithunzi cha mufoni.

Belinda anali atawalondola mpaka ku mzinda wa South Bend, makaniko okalamba amene kale ankasamala galimoto yampikisano imene mwamuna wake Shadrick ankaidzutsa ku tauni ya Speedway. Belinda ankangofuna mbiri ya ekiselo yakumbuyo, chitsulo chogwira matayala.

"Penti wofiirayu wapaka ndani?" anafunsa mkuluyo.

"Amuna anga. Wakale anali atasuluka, ndiye abwezera. Akuti ndi mtundu wa timu yanu."

"Mwana wanga, ife chitsulo chikang'aluka tinkachipaka wofiira kuti chikatayidwe."

Shadrick ankayesa galimotoyo masana omwewo.

Belinda anamuimbira. Foni inangoitana. Anaimbanso, milomo ikuyenda yokha: Ambuye, m'gwireni dzanja.

Mwadzidzidzi inayankhidwa, injini ikubangula.

"Mayi a Shalom, mukuimva nyimbo imeneyi? Ndikunyamuka!"

"Bambo a Shalom, zimitsani."

"Mwati chiyani?"

"Zimitsani, m'dzina la Yesu!"

Belinda anatsinzina, foni ili pakhutu. Injini ija inabangulabe, kenako inakhosomola n'kungoti zii.

"Ndazimitsa. Kwagwanji, mayi?"