Nkhope ya a Chizemba

Mkulu wa mpingo analowa m'holo ya chionetsero atakulunga nyuzipepala m'manja ngati chibonga. Sanabwere kudzaona zithunzi. Anabwera kudzaona munthu.

Bambo wolandira alendo anamutsatira uku akufotokoza. Anamuonetsa chithunzi chachikulu cha penti, cha amayi atatu akuyanika zovala mphepo ikukuntha, nati aone mmene nsaluzo zikuonekera ngati ziuluka pompano. Anamuonetsanso chosema cha mwala wakuda, mutu wa nkhalamba ikuseka, chimene mmisiri wake analimbana nacho zaka ziwiri. Mkuluyo anangodutsa, mtima ukuwira.

Ku khoma la kumapeto n'kumene kunadzaza anthu. Kumeneko anapachikako zithunzi zoseketsa za a Chizemba, bambo wa m'nyuzipepala amene sabata iliyonse amalonjeza anthu zokoma zokhazokha, zinthu zikavuta n'kutulukira pawindo. Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti. Mphunzitsi wina ankauza ophunzira ake kuti ayang'ane bwino: mizere yowerengeka chabe, koma nkhope yamoyo.

Nkhopeyo inali ya mkulu wa mpingoyo. Chipsera chodula nsidze, khutu lamanzere lopindika, ngakhale kaimidwe ndi chipewa chomwe. Miyezi itatu tsopano a kwaya ankamupatsa moni wakuti "a Chizemba", ndipo Lamulungu lapitali, iye akuwerenga mawu kutsogolo, wina kumbuyo anadzitsokomoletsa pofuna kubisa phwete. Akazi ake anasiya kuyenda naye pamsewu.

Amene anapereka nkhope yakeyo ankamudziwa. Anali mlamu wake, basi. Ndani winanso akanakumbukira chipewa cha mizeremizere chimene ankavala kale akuyendetsa malole, tsitsi lisanathothoke? Mlamuyo anakana mpaka kulumbira, koma iye anamuthamangitsa pakhomo n'kumuuza kuti asadzapondeponso. Tsopano anatsala wojambulayo.

Anamupeza patebulo akusaina mabuku: mayi wa zaka ngati makumi atatu, wochepa thupi, zala zili ndi inki. Mkuluyo anadutsa onse amene anali pamzere n'kumenyetsa nyuzipepala patebulopo.

"Mayi, ndinakulakwirani chiyani ine?"

Anthu onse anacheuka. Wina ananong'ona kuti a Chizemba abwera okha, wina n'kukweza foni kuti ajambule. Zimenezi zinangosonkhezera moto. Mkuluyo analankhula mpaka thovu kukamwa. Anati luso lonyoza munthu wosalakwa si luso, ndi ufiti wa masanasana. Anati anthu onsewa akuombera m'manja mwano. Anati iye ndi munthu wa banja lake, wa ana anayi, ndipo chibadwire sanazembepo munthu. Pomaliza anauza mayiyo kuti atchule mlamu wakeyo pamaso pa anthu, apo ayi akaonana kukhoti.

Mayiyo anaika cholembera pansi. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira pansidze mpaka kukhutu, ngati akufuna kumujambulanso. Mkuluyo anati chamumtima: eya, mantha amugwira.

"Alamu anuwo sindikuwadziwa, bambo," anatero motsitsa mawu. "Inunso ndikukuonani koyamba lero. Ndinkayesa munamwalira kalekale."

"Nanga nkhope yangayi munaitenga kuti?"

Mayiyo anatsegula chikwama, natulutsa kachithunzi kakale kong'ambika m'mbali, nakaika patsogolo pake. Panali mnyamata atatsamira lole, dzanja lili paphewa la mtsikana woyembekezera.

"Mayi anga anandisiyira chokhachi," anatero. "Ankati munangopita kukatsitsa katundu, mubwera Lachisanu."