Boti Logona kwa aNyajere

Fiskani Zimba anakhala pa kampando pabwalo la aNyajere, chipewa chili pabondo, akuyesa kubisa nsapato zake. Anazipukuta m'mawa wonse, koma matope a pa mjigo anazimaliza. Chomwera ng'ombe cha simenti chinali chong'ambika, madzi ankangotayikira panjira, ndipo ng'ombe zinkakankhana pamenepo ngati anthu olimbirana minibasi ya ku Chipata.

Pakhomo pano panali pachinayi kupemphapo ngongole. Kubanki pa boma anachita kumuseka. "Boti? Ku Lundazi kuno? Nyanja yake mwaiona kuti, bambo?" Gulu la amayi osungitsana ndalama linati iye si wa m'gulumo. Wakatapila anafuna njinga ndi malata a nyumba ngati chikole, ndipo Fiskani anachoka osatsanzika.

Komatu nzeru yake inali yabwino. Mvula ikagwa, mtsinje wa kumudziko umadzaza miyezi isanu, anthu a tsidya lija n'kusowa powolokera kupita kuchigayo ndi kuchipatala. Kenan, mnzake wa kuchigwa cha Luangwa, ankagulitsa boti lakale la faiba, pulasitiki yolimba ija, pa K8,000, ndipo ananenetsa kuti likapita Lachisanu aligulitsa kwa wina. Tsikuli linali Lachitatu.

Faides Jere, amene aliyense ankawatcha aNyajere, anali mayi wamasiye, mwini ng'ombe makumi anayi, munthu wosaseka ndi ndalama. Anamvetsera nkhani yonse akusenda mtedza, osadzutsa mutu. Fiskani anayamba kale kuganiza zotsanzika.

"Boti lanulo, a Zimba, silidontha?" anafunsa mayiwo.

"Ngakhale kadontho, amama."

"Kutalika kwake?"

Fiskani anaimirira n'kuponda kasanu ndi kamodzi, kuchoka pa mjigo kukafika pa mtengo wa mango. Apa aNyajere anasiya mtedza uja.

"Kuya?"

Iye analoza pamwamba pa bondo.

"Nanga m'mphepete mwake simucheka? Sindifuna wina avulale."

Fiskani anawayang'anitsitsa. Eee! Chimwalirireni mkazi wake zaka zitatu zapitazo, palibe amene anadandaulapo za kuvulala kwake.

"Ndalama ndikupatsani lelo," anatero aNyajere. "Chiwongoladzanja sindifuna, muzibweza pang'onopang'ono. Koma chinthu chimodzi: mtsinje ukauma, boti lizigona pano panga mpaka mvula itagwa. Chaka ndi chaka. Ndipo muzibwela nalo nokha."

Ananena zimenezi akumwetulira. aNyajere kumwetulira! Fiskani anathokoza kuti "yewo" katatu, n'kupondanso m'matope muja osamva kanthu.

Panjira anaisinkha nkhaniyi mbali zonse. Ndani anaonapo wobwereketsa ndalama akukana phindu, n'kudziperekanso kukusungira katundu ulere? Ayi ndithu. Mayi akafuna boti pakhomo pake, ndiye kuti akufuna mwini wake. Anadziyang'ana pagalasi la njinga, n'kuona kuti imvi zakezo sizinali zambiri kwenikweni.

Mvula inabwera, mtsinje unadzaza, boti linagwira ntchito. Amayi a matumba a chimanga, aphunzitsi ndi njinga zawo, odwala, mbuzi, onse ankawoloka ndi Fiskani. Mwezi ukatha ankapita yekha kukapereka ndalama, atanyamulanso tinsomba. Nthawi zonse funso la aNyajere linali limodzi: "Boti lili bwanji? Mukulisamala?"

"Manyazi a akazi amenewo," Fiskani anauza Kenan. "Sangafunse za ine maso ndi maso, ndiye amadzela ku boti."

Kenan anaseka mpaka kutsokomola, koma pasanathe sabata mudzi wonse unadziwa. Okwera boti anayamba kumutcha mwini ng'ombe. Iye ankangoti "aaa, inunso," koma mumtima ankasangalala kwambiri, mpaka mayina a ng'ombe zina anawaloweza.

Mu Juni mtsinje unasanduka mchenga. Fiskani anameta, anagula jekete pa salaula, msika wa zovala zovalidwapo kale, ku boma, anauza amalume ake kuti akonzeke, mwina posachedwa atumidwa kwa a Jere. Kenako anakweza boti pangolo yobwereka. Ulendo wonse ankayeseza mawu: ayambe ndi kuthokoza, atchuleko za kusungulumwa, zinazo zidzabwera zokha. Nsapato anazipukutanso.

Ngolo isanaime n'komwe, aNyajere anatuluka m'nyumba chothamanga, chitenje chili m'manja.

"Mwabwela, a Zimba! Ine kuwelenga masiku, tulo osagona!"

Fiskani anatsika, anavula chipewa, anakonza pakhosi. Mawu onse aja anali okonzeka pa lilime. Anatambasula dzanja.

aNyajere anamudutsa ngati chitsa. Anakasisita boti lija m'mphepete, n'kuitana alamu awo awiri kuti alitsitse. Analikoka mpaka pakati pa mjigo ndi mtengo wa mango, ndipo linakwanapo ndendende. Mayiwo anagwira mjigo n'kuyamba kupopa, madzi n'kumathira m'botimo. Ng'ombe makumi anayi zinatuluka m'khola, zinandanda uku ndi uku, n'kuviika milomo.

"Silidonthadi!" anafuula aNyajere. "Sunthani pang'ono, a Zimba, mukuzitsekela njila."