Kachivundikiro pa Kamera ya Mkamwini

Panali mkamwini wina wokonda zinthu zamakedzana, uja akagula chinthu amafuna aliyense adziwe. Anagula kamera yakale ya filimu kwa mdala wina wokonza makamera.

Mdalayo anamuchenjeza: "Achimwene, kamera iyi mumasuzumira pa kawindo kapambali, osati pa diso lake. Diso likhoza kukhala lovundikira, inu n'kumaona bwinobwino. Muzigwira kutsogolo musanadine."

"Zimenezo muziuza ana, madala," anayankha akuseka.

Loweruka lina apongozi ake aamuna, atangotuluka m'chipatala, anaitanitsa ana awo onse asanu ndi awiri. Panali patatha zaka khumi asanakhalepo pamodzi. Ankafuna chithunzi chimodzi chokha: iwo ali pakati, ana ndi zidzukulu atawazungulira.

"Bwezani mafoni m'matumba," anatero mkamwini. "Lero tijambula zenizeni."

Anawaimika pakhonde, uyu sendera, uyu gwada, mpaka filimu kutha. Pobwezera kamera m'chikwama, chala chinagunda kachivundikiro. Kanali kadakali pa diso. Sanajambule kanthu! Anthu onse anali pabwalo pomwepo, akutsanzikana.

"Zatheka, bambo?" apongozi anafunsa.

"Zatheka bwino kwambiri," anayankha, chifukwa cha manyazi basi.

Kuyambira tsikulo mtendere analibe. Foni ikalira, ankaopa kuyankha. Alamu ake akafunsa, ankati filimu ili kotsukitsa. Mwezi wotsatira anati mankhwala otsukira asowa. Anasiya kupita kwa apongozi, ndipo ngakhale mkazi wake sanamuuze. Bodza linkabala linzake, mpaka anasowa potulukira.

Mwezi wachitatu apongozi aja anamwalira. Maliro atatha, apongozi aakazi anamuitanira pabalaza, ana onse ali pomwepo. Pakhoma panali felemu yopanda kanthu.

"Bambo anu anagula okha felemuyi," anatero mayiwo. "Ankafunsa m'mawa uliwonse. Mwabwera nacho chithunzi?"

Mkamwini anagwada n'kuulula zonse. Mayiwo sanakalipe.

"Munadziwa liti?"

"Tsiku lomwelo, mayi."

"Tonse tisanabalalike? Iwo ali moyo, atavala jekete yawo?"

Mkamwini anaweramitsa mutu n'kuvomera.

Phunziro: Wodziwa ntchito akakuchenjezani, mverani. Ndipo mukalakwitsa, nenani pompopompo zinthu zikadali zokonzeka. Manyazi a mphindi ziwiri sapha munthu, koma mukawabisa mudzalira moyo wanu wonse. Tumizirani abale ndi anzanu, makamaka aja odziwa zonse.