Mapiritsi a Bambo Douwe Akupita Kuti?

Dokotala Verhagen anaika pepala patebulo n'kulitembenuza kuti onse awiri alione.

"Bambo Douwe, m'magazi mwanu mulibe mankhwala. Ngakhale kadontho."

Mayi Renske anayang'ana amuna awo. Amuna awowo anayang'ana chipewa chimene chinali pamaondo pawo.

Mtima wa mkuluyu unali utatopa. Za opaleshoni madokotala anali atakana kale, ati sangadzuke. Chiyembekezo chotsala chinali kafukufuku ameneyu, woyesa mankhwala atsopano ochokera ku maluwa ena ooneka ngati timabelu. Maluwa omwewo Bambo Douwe anawalima zaka makumi anayi m'munda mwawo, kwawo ku Emmeloord, masamba ake n'kumagulitsa kufakitale ya mankhwala. Malo m'kafukufukumo anali ochepa, owafuna ambirimbiri. Mayi Renske ndi amene analimbana ndi mafomu ndi mafoni mpaka amuna awo analembedwa. Lamulo linali limodzi: wosamwa mankhwala amachotsedwa, malo ake n'kupatsidwa wina.

"Paja munati ena mumawapatsa mapiritsi opanda mankhwala," anatero Mayi Renske. "Mwina awa anagwera amenewo."

"Ifenso tinaganiza choncho titaona kuti miyendo ikutupirabe. Ndiye tatsegula envelopu yosunga chinsinsi cha mtundu wa mapiritsi amene timawapatsa. Mapiritsi awo ndi enieni."

"Koma botolo limatha! Ndimaliona ndi maso angawa."

"Funso langa n'lomwelo, mayi. Miyezi itatu yonseyi, mapiritsi akupita kuti?"

Mvula inkamenya pazenera.

Owadziwa Bambo Douwe sakanadabwa ndi chetechete wawoyo. Anali munthu woti ukamufunsa nthawi, amayamba waganiza ngati ukuyeneradi kuidziwa. Makani ndiye osanena. Chigulitsireni munda, ntchito yawo inali kukhala pazenera n'kumapeza zifukwa mathirakitala a anthu ena.

Mayi Renske yankho anali atalipeza kale, ndipo linawalasa mtima. Munthuyu wataya mtima. Akufuna kufa, koma kunena sakunena. Kumbali yawo mayiwo, masabata atatu chakudya sichinkalowa, mseru wokhawokha, ndipo ankati ndi nkhawa yodera munthu yemweyu. Lero eni akewo angokhala phee ngati nkhani ndi ya mnansi.

"Mumataya m'chimbudzi eti?" anafunsa Mayi Renske. "Tayankhani, bambo inu! Kapena mumakwirira m'miphika ya maluwa?"

"Sinditaya," anatero Bambo Douwe, maso ali pachipewa.

"Tamvani! Sataya. Ndiye amamera mapiko? Zaka makumi asanu ndakhala nanu, lero mukufuna mundithawe mwakachetechete ngati mlendo wapabasi? Khofi mwayamba kundipangira masiku anoyu ine ndimayesa chikondi cha ukalamba. Kani mukutsanzika!"

Dokotala anatsegula kabati n'kutulutsa fomu yochotsera munthu m'kafukufuku. Anaiika pafupi ndi cholembera.

"Bambo Douwe, sindikuopsezani. Pali anthu khumi ndi awiri akudikira malo anuwa. Mukandiuza zoona, mwina ndikhoza kukulankhulirani. Mukapanda kutero ndisayina lero, ndipo kunena mosabisa, china choti tikupatseni tilibe."

Mkuluyo anangotembenuza chipewa chija pamaondo.

"Dokotala, chonde," anatero Mayi Renske. "Tipatseni mwezi umodzi. Ndiziwamwetsa ndekha, ndiziwayang'ana m'kamwa ngati mwana. Akakana ndiziwatsina mphuno."

"Sizidalira ine ndekha, mayi."

"Mlungu umodzi ndiye!"

Dokotala anatenga cholembera. Anadikira pang'ono, kupereka mpata womaliza. Bambo Douwe sanautenge. Cholembera chinayamba kuyenda papepala, ndipo kaphokoso kake kankamveka m'chipinda chonse.

Mayi Renske anaimirira mwaukali kuti atuluke. Sanafune kuti mwamuna wouma mtima chonchi aone misozi yawo. Koma atangoponya phazi limodzi anadzandira, n'kugwira mpando.

"Ndipo makoma anuwa, dokotala, anawapaka chikasu ndani? Akundichititsa chizungulire. Ngati makatani akwathu, ndachapa kawiri koma chikasu chokhachokha."

Cholembera chinaima.

Chipewa cha Bambo Douwe chinagwa pansi.

"Chikasu?" anafunsa Bambo Douwe. "Renske, mwati chikasu?"

Makomawo anali oyera mbee. Makatani a kunyumba nawonso anali oyera. Ndipo aliyense amene anagwirapo ntchito m'munda wa maluwa aja amachenjezedwa tsiku loyamba lomwe: ukayamba kuona dziko lachikasu, ululu wa masamba wakudzadza m'thupi, thamangira kuchipatala.

Dokotala anali atazungulira kale tebulo. Anagwira dzanja la Mayi Renske, maso ali pawotchi. Mtima unkagunda kamodzi, n'kudikira, n'kudikirabe, kenako n'kugundanso. Anadina belu loitanira anamwino ndipo chala sanachichotsepo.

"Ndisiyeni ine," anatero mayiwo. "Wodwala ndi uyo."

Apa m'pamene Bambo Douwe anaimirira, akulira poyera ngati kamwana.

"Dokotala, amayiwa pokwera masitepe amapuma katatu, dzanja lili pachifuwa, koma kuchipatala amakana. Malo munatipatsa anali amodzi. Ndikudziwa mankhwalawa ndi aukali, ndiye poti iwo ndi ochepa thupi ndimagawa piritsi pakati. Theka mukhofi wawo wam'mawa, theka mukhofi wamadzulo."