Mmisiri Amene Sanaimirire

Sayirini italira, telala anatuluka pakhonde la shopu yake simbi yositira ili m'manja. Anaiwala kuiika pansi. Msewu wonse unali utaima kale. Maminibasi anazimitsa injini, wogulitsa nyuzipepala anavula chipewa, ngakhale chidakwa cha pakona chinayesetsa kuima mowongoka. Chaka chilichonse, pa tsiku ndi nthawi imeneyi, dziko lonse limakhala chete kwa mphindi imodzi pokumbukira ophunzira amene anaphedwa ndi bomba m'holo ya mayeso pa koleji yaikulu.

Telala sankafunikira sayirini kuti akumbukire. Tsikulo anali mtsikana wa ku sekondale, atakhala pafupi ndi windo, akukopera masamu. Kunamveka chiphokoso chimodzi chokha, magalasi onse n'kugwera m'kalasi. Aphunzitsi anagwa chagada choko chili m'manja. Iye anathamanga mpaka ku koleji osadziwa kuti nsapato zavukira pati, chifukwa mlongo wake wamkulu ankalemba mayeso omaliza m'mawa womwewo. Anapeza denga la holo lili pansi. Anaona miyendo yopanda eni ake, mapepala a mayeso atamatirira kukhoma ndi magazi, mnyamata wina akukwawa atagwirizira matumbo ndi dzanja limodzi. Mlongo wake anamuzindikira ndi lamba. Kumutu kunalibe choti munthu n'kuzindikira. Amene anatchera bombalo sanagwidwe mpaka lero, ndipo zimenezi zinkamupweteka kuposa maliro enieniwo.

Ndiye pakati pa chete ameneyo panamveka nyundo.

Kho. Kho. Kho.

Anali mmisiri wa ndowa wa tsidya la msewu, amene anali atangobwera kumene m'deralo. Anali pa benchi yake, atafulatira anthu onse, akukhoma lata ngati kuti kunja kuno kulibe chochitika. Munthuyu anali atawakwana kale anthu. Ukamupatsa moni ali pa ntchito, zii. Makasitomala ankalankhula ndi mkazi wake, iye n'kumangogwedeza mutu ngati bwana wamkulu. Sabata isanathe anali atapatsidwa dzina loti Matama. Ena ankanong'onezana kuti zipsera za m'khosi mwakezo si za malata ayi, nanga bwanji sanena kumene wachokera?

"Bambo inu, tasiyani kaye," anatero wa nyuzipepala motsitsa mawu.

Kho. Kho.

"Tikunena inuyo, achikulire," anatero kondakitala wina, atatulutsa mutu pawindo la minibasi.

Mmisiri sanatembenuke n'komwe. Anakweza ndowa ija, kuiyang'ana kunsi, kuiikanso pa chitsulo, n'kuyambanso kukhoma. Ndiponso ankamwetulira. Mwano ulipo wamitundumitundu, koma uwu unali wolavulira pamanda.

Telala anawoloka msewu. Anaima kumbuyo kwake n'kunena kuti, "Mlongo wanga anafera m'holo muja. Imirirani."

Nyundo inakwera, n'kutsika.

Simbi ija inamupeza pamwamba pa khutu. Khungu linang'ambika mpaka patsaya, magazi n'kuthovokera m'ndowa yatsopanoyo. Mmisiri anagwa pa benchi n'kuyang'ana kumwamba modabwa, pakamwa pali yasa. Kudabwako n'kumene kunamukwiyitsa kwambiri telala, moti anamumenyanso pamphuno. Linamveka fupa likuthyoka.

Chete anathera pomwepo. Anthu amene anaima mwaulemu aja anakhamukira pa shedi ya mmisiriyo. Kondakitala anabwera ndi sipanala ya matayala. Wina anatola nyundo ya mwiniwakeyo n'kumuphwanya nayo zala. Amayi ogulitsa masamba ankamuponda ndi zidendene. Mmisiri ankakuwa mawu osamveka bwino, manja ataphimba kumutu, koma palibe amene ankafuna kumva.

"Ndi mmodzi wa iwo ameneyu," anatero wina. "Taonani zipserazo. Bomba lija linamuwaula pomwe ankalitchera."

Palibe anafunsa kuti wadziwa bwanji. Mawuwo anayenda pakamwa ndi pakamwa, ndipo pofika kumbuyo kwa gulu anali atasanduka zoona. Anamukokera pakati pa msewu atagwira miyendo, mutu ukugunda miyala. Tayala linabwera likugubuduzika. Dalaivala wina anayamba kupopa petulo m'galimoto mwake ndi paipi, kuyamwa n'kulavula. Telala anaima pafupi, malaya ali magazi okhaokha, ndipo chisoni analibe ngakhale pang'ono. Kwa zaka zonsezi ankafuna nkhope yoti aidane nayo, lero anali nayo pamapazi pake.

Anamukoleka tayala m'khosi. Petulo anatsikira m'maso ndi m'mabala. Anthu anayamba kufunsana machesi.

Apo m'pamene mayi wina anabowola gululo, akukankha anthu ndi zigongono, nsapato imodzi itavuka. Anali mkazi wa mmisiri. Anadzigwetsa pamwamba pa mwamuna wake, pa petulo pomwepo, n'kukumbatira mutu wophwanyikawo.

"Samva awa," anatero ali wefuwefu. "Anali m'holo momwemo, akulemba mayeso. Makutu anafera momwemo. Chaka chilichonse ndimawagwira paphewa kuti aimirire. Lero basi inaima nane panjira."

Mmisiri anatsegula diso limene linatsala, n'kuona mkazi wake. Anafunsa mokweza, ndi mawu a munthu amene sadzimva yekha.

"Kodi yalira kale?"