Anadzikiyira M'nyumba Kuti Matabwa Awale

Panali munthu wina wake, dalaivala wa lole, amene anzake ankangomutchula kuti Chibakera. Dzinali sanamunamizire ayi. Akuti nkhaniyi ndi yoona, ndipo amene anandifotokozera ankakhala nyumba yoyandikana naye.

Bambo ake atamwalira anasiyira iye ndi mkulu wake nyumba yakale yomwe pansi pake anayalapo matabwa olimba. Mkulu wakeyo anali kalipentala, munthu wofatsa, ndipo analola kuti Chibakera azikhalamo ndi mkazi wake. Koma matabwa aja anali atada bii, okalikakalika ndi miyendo ya mipando, polishi wakale ataundana m'makona ngati phula. Apongozi ake atatumiza uthenga woti akubwera kudzaona nyumbayo, Chibakera anafuna kuti pansipo pawale.

Atamuitana kuti adzaone, kalipentala anagwada n'kupalapo ndi chikhadabo.

"Matabwa awa akadali bwino, mphwanga. Tipale polishi wakaleyu ndi sandipepa, tipukute fumbi, kenako tipake vanishi kawiri mazenera ali otsegula. Masabata awiri tathana nazo."

"Masabata awiri? Achimwene, apongozi akufika mkucha!"

"Ndiye ingokolopa bwinobwino. Akubwera kudzaona mwana wawo, osati matabwa."

Chibakera anatuluka atakwiya. Pakhonde pa sitolo ya utoto anakumana ndi bambo wina wolankhula mothyathyalika.

"Vanishi ndi wa anthu osowa chochita, bwana. Inu sungunulani makandulo m'chitini, muthiremo petulo, mupake zikadali zotentha. Mazenera mutseke kuti fumbi lisamatirepo. Pofika madzulo muzidzionera nkhope pansipo."

Munthu sakumudziwa ngakhale dzina, koma anangomeza zonse osatafuna. Zimenezi ine zimandinyansa kwabasi.

M'mawa mwake kalipentala anabwera ndi sandipepa kuti amuthandizeko pang'ono. Anapeza mbaula ili psuu pabalaza, chitini cha makandulo chili pamoto, chigubu cha petulo chili pambali. Analanda chigubucho.

"Iwe, wapenga? Uwotcha nyumba ya abambo!"

"Bweretsani kuno, achimwene. Mumandiona ngati mwana eti?"

"Sindikupatsa."

Chibakera anamulumphira. Anamusasantha nkhonya pamlomo, mano awiri n'kugwera pamatabwa pomwepo. Mkulu wakeyo atagwa anamuponda m'nthiti, kawiri, katatu. Mkazi wake anathamanga n'kumugwira mkono.

"Bambo, muwapha alamu! Asiyeni!"

Nayenso analandira khofi lomwe linakamumenyetsa kukhoma. Kenako Chibakera anawakhwekhwerezera onse awiri panja, n'kukiya chitseko, kiyi n'kuponya m'thumba la thalauza. Anatseka mazenera onse monga anauzidwira. Mazenerawo anali ndi zitsulo zotchinga akuba.

Kalipentala, magazi ali chuchuchu, ankamenya zenera uku akukuwa.

"Chotsa kaye chitini pamotopo! Mphwanga, ndikukupempha!"

Chibakera anamuyang'ana m'maso, n'kupendeketsa chigubu pamwamba pa chitini, dala, kuti amuonetse.

Kunamveka phuu! Magalasi anathetheka. Moto unakwera m'chigubu, chigubu chinamupulumuka, petulo n'kumwazika pansi ponse. Polishi wa zaka zambiri uja anayaka ngati udzu wouma. Chibakera anathamangira kuchitseko malaya akuyaka, koma atapisa dzanja m'thumba kuti atenge kiyi anapeza nsalu itamatirira kumnofu. Kukuwa kwake kunamveka msewu wonse.

Anthu anasonkhana n'kumangogwira kumutu. Amene anathyola chitseko ndi nkhwangwa ya oyandikana nawo anali kalipentala yemweyo, wothyoka nthiti uja. Analowa m'motomo, anagwetsa mng'ono wake n'kumuthimitsa ndi manja ake enieniwa, kenako anamukokera panja. Manjawo anatuluka khungu likulendewera.

Nyumba ya bambo awo inatha psiti. Apongozi anafikadi tsiku lomwe ananena, anaona mwana wawo atatupa tsaya, anamutenga osalowa n'komwe kuchipatala kukazonda mkamwini.

Chibakera anachira, ngakhale thupi lonse ndi zipsera zokhazokha. Koma zala za mkulu wake zinakhwinyata n'kumatirirana. Munthu amene ankadyetsa ana asanu ndi sowo ndi hamala, lero sangamange ngakhale batani la malaya ake. M'mawa uliwonse Chibakera ndiye amapita kukamumangira, ndipo akafika pa batani lapakhosi, pamene ayenera kumuyang'ana kumaso, amayamba kulira.

Phunziro: Petulo ndi moto sizikhalira chipinda chimodzi, kaya wakuuzani ndani. Ntchito ya matabwa funsani wodziwa matabwa, ndipo akakuuzani zosakukomerani musamuyankhe ndi nkhonya, chifukwa liuma lanu likhoza kulumaza yemwe amakukondani. Musaisunge nokha nkhaniyi, tumizirani abale ndi anzanu, makamaka aja osauzika.