Msewu Wafika pa Manda a Mayi

Foni inalira a Biswick akudikira sitima pa siteshoni ya Barking, kunja kwa dziko, akuchokera kuntchito. Anali Luntha, mwana wa mlongo wawo, akuimba ali kumudzi ku Dowa.

"Amalume, makatapila afika. Akuti msewu wa tala udutsa pomwe anagona agogo. Mwinimbumba ndinu, tilole awasamutse?"

A Biswick anavula chipewa. Mayi awo anatsirizikira pangolo popita kuchipatala, m'matope a njira yomweyo, denga la chipatala likuonekera patali.

Sitima inafika n'kunyamuka, iwo ali chiimire.

"Amalume, mukundimva, kapena ndi netiweki?"

"Ndikumva, mwanawe. Munthu asakhudze dothi musanagwade ndi kupepesa. Muwauze kuti wapempha ndi Biswick. Mukatero, muwagoneke pamtunda, poti aziiona ambulansi ikamadutsa."